Agogo Anamwalira Katatu

Banja lililonse masiku ano lili ndi munthu mmodzi amene wagula kope lachikuto cholimba n'kulengeza pa gulu la WhatsApp kuti akulemba mbiri ya mtundu wonse. Kawirikawiri amakhala wopuma pantchito, ndipo penshoni ikachedwa m'pamene changu chimakula. Amayamba bwino, kufunsa azakhali ndi atsibweni. Kenako amatopa ndi nkhani zopanda madeti, n'kunena kuti iye akufuna zolembedwa m'mabuku.

Mabukuwo kuno anabwera ndi amishoni: Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889, Nzama mu 1901, Mua mu 1902. Izi zisanachitike, kaundula anali mutu wa agogo aakazi. Ndipo mabuku atafika, wolemba ankalemba zimene wamva, pamene wolembedwa ankanena zimene zimupulumutse kwa abusa, kwa wokhometsa msonkho kapena kwa ahedi.

*

Mphunzitsi wina wopuma anakwera basi kupita ku mishoni ina yakale. Mlembi wa mpingo anamutulutsira buku la ubatizo lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, inki itafiira, m'mphepete monse chiswe chitalawako kale. Mphunzitsi uja anayendetsa chala mpaka anapeza dzina la bambo ake ali khanda. Pamzere wa dzina la wobereka panalembedwa ndi dzanja lokongola kuti: Kaya.

Anatembenuza tsamba, Kaya. Tsamba lina, mudzi wina, mayi wina, Kaya yemweyo. Anabwerera kumudzi chifuwa chili patsogolo.

"Abale anga, ife si a Phiri wamba ayi. Agogo athu anali a Kaya, ndipo anali mwamuna ndithu. Ana 14, midzi 5, onse obatizidwa!"

Azakhali ake, amene ankatongola chimanga pakhonde, anaseka mpaka chitsononkho chinagwa m'manja.

"Iwe mwana wa achimwene, sukulu yonse ija? Mzungu akafunsa kuti bambo wa mwanayu ndani, mayi wosafuna mlandu ankayankha kuti chiyani?"

Tsoka lake mphunzitsiyo anali atasindikizitsa kale matisheti 30 olembedwa kuti Mbumba ya Kaya. Akuvalidwabe, koma kumunda.

*

Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ndipo kuyambira pamenepo amuna a dziko lino anaphunzira kusowa. Akuluakulu amasimba kuti mesenjala wa kuboma akakayikira msinkhu wa mnyamata ankamuuza kuti akweze mkono aone m'khwapa. Wamsinkhu wosabisika ankathawira kuphiri, kapena ankangomwalira basi.

Mdzukulu wina anapeza agogo ake m'kaundula wa msonkho wa m'mudzi mwawo, pambali pa dzina atalemba kuti anamwalira. Anamva chisoni, napitiriza kuwerenga. Patapita masamba angapo anawapezanso ali moyo, ndipo chaka chotsatira anamwaliranso. Ku buku la mpingo nkhani inali ina: malemuwo anabatizitsa mwana patatha zaka zitatu chimwalirireni, kenako anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

Anapita kwa nyakwawa, amenenso ndi mdzukulu wa nyakwawa ya nthawiyo.

"Zikomo mfumu, kodi agogo anamwalira liti kwenikweni?"

"Mwanawe, maliro enieni ndi amene tinadyapo nsima. Enawo anali a boma."

*

Mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, agogo ambiri anapatsidwa tsiku lobadwa koyamba m'moyo wawo. Mlembi akafunsa chaka, yankho linkakhala lakuti, "Njala ya 1949 inandipeza ndili ndi mwana kumsana," kapena, "Ndinabadwa dzombe litangodutsa." Mlembi ankawerengera ndi zala, n'kulemba chaka. Pa tsiku ndi mwezi, poti mzere wa anthu unali utafika kumsewu, ambiri ankangolandira 1 Januwale.

Ndiye wofufuza wina anasonkhanitsa ziphaso za nkhalamba za m'mudzi mwake n'kuzindanda pamphasa. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Azamba a mudzi uno anali pabwino. Ankagwira ntchito tsiku limodzi pachaka."

Pamphasa pomwepo anapezanso kuti mayi wina ndi wamkulu kwa mwana wake woyamba ndi zaka 6 zokha. Mayiyo sanatsutse. Anati masiku amenewo atsikana ankakula msanga chifukwa ankadya zakudya zenizeni.

*

Amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu akudziwa kuti malo ku sekondale za boma anali ochepa, ndipo wobwereza Sitandade 8 ankakhulupirira kuti dzina latsopano limasankhidwa msanga. Wina ankalemba mayeso ndi dzina lake, chaka chotsatira ndi la mng'ono wake, chinacho ndi la msuweni. Dzina limene lasankhidwa ndi limene ankapita nalo ku sekondale, kuntchito, ku banki, mpaka ku penshoni. Mng'ono uja akafika Sitandade 8 ankapeza dzina lake lili kale Folomu 3, ndiye nayenso ankabwereka la wina.

Pamaliro ena, woimira akuntchito anaimirira ndi pepala lake, nayamba kuwerenga mbiri ya malemu monga inalembedwera m'mafayilo a ku ofesi. Atangotchula dzina, bambo wina amene anakhala kutsogolo pafupi ndi bokosi anakweza dzanja.

"Pepani akuluakulu, ine ndilipo."

Anamfedwa anayesa kuzimeza koma zinakanika, mpaka adzukulu anamva kuseka ali kumanda. Nkhata ya akuntchito inayikidwabe, ili ndi dzina la munthu wamoyo, mwini wake akuthandiza kuyikonza kuti ikhale bwino. Wolemba mbiri ya banja limenelo analemba mwana mmodzi katatu n'kusiya awiri, ndipo mpaka lero akuti alondola chifukwa anatenga pa masatifiketi.

*

Matchona ndiye amamvetsa chisoni ndi kuseketsa nthawi imodzi. Amuna ambirimbiri anapita ku Joni ndi Wenela, ena anayenda pansi kupita ku Salisbury ndi Bulawayo. Wina ankalowa ndi chitupa cha mnzake, wina kapitawo ankangomupatsa dzina losavuta kuitana, monga Sikisipensi kapena Foloko. Kamuzu anaimitsa za Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma pofika nthawiyo ambiri anali atakwatira kale kumeneko n'kuleka kulemba makalata.

Mdzukulu wa mtchona wina anabwera kuchokera ku Harare pagalimoto, atanyamula chitupa cha agogo ake chokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Pachitupapo panali zinthu zitatu zokha zowerengeka: Banda, Dedza, Nyasaland. Anaima pamsika wa Dedza n'kufunsa ngati alipo akudziwa banja la a Banda. Wogulitsa mbatata ya kachewere anayang'ana kaye m'galimotomo, naona mabelo a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira.

"Achimwene, mwafika. Ine ndine Banda. Uyo wa kabichiyo ndi Banda. Agogo anuwo anali aatali kapena aafupi?"

"Akuti anali aatali."

"Ndi omwewo!"

Pofika madzulo anali ndi azakhali 7, onse akulira kuti mphuno yake ndi ya malemu ndendende. Amati chibale ndi fupa sichiwola, koma chibale chimenechi chinasungunuka tsiku limene paketi yomaliza ya shuga inatuluka m'galimoto. Mmodzi yekha, gogo wosaona bwino amene sanapemphe kanthu, ndi amene anamufunsa funso lanzeru: "Amayi awo a agogo akowo anali a mudzi uti?" Pachitupa panalibe malo olembapo zimenezo.

*

Vuto lalikulu la mapepala lili pomwepo. Pepala limatsata bambo, pamene kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe mbumba imatsata bele. Mkulu wina wa m'tauni anawononga ndalama zambiri kusonkhanitsa zikalata zosonyeza kuti bambo ake anali mfumu, ndipo agogo ake obereka bambowo analinso munthu wodziwika kuboma. Anazimatitsa pulasitiki, nafika nazo pabwalo tsiku losankha wolowa ufumu. Amayi aakulu a mbumba anazilandira ndi manja awiri, nazipatsirana mwaulemu, ena atazigwira chadodolido.

"Mwagwira ntchito, bambo. Mwatithandiza. Mapepalawa akusonyeza bwino lomwe kuti inu ndinu mwana wa mfumu. Ife tikufuna mwana wa mlongo wake. Kwanu ndi kwa amayi anu, ndipo kumeneko ufumu wawo sitikuudziwa."

Munthu analipira yekha loya womuchotsa pampando.

Ndimadabwa nacho chinthu chimodzi. Aliyense amene wafufuza amatulukira kuti ndi wa kuufumu. Mngoni aliyense agogo ake anali pambali pa Zwangendaba powoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Mchewa aliyense akuchokera m'nyumba ya Kalonga ku Mankhamba. Nanga ankalima ndani? Ankanyamula katundu ndani?

Wina anapita ku Zomba, ku National Archives, komwe akhala akusunga mapepala a boma kuyambira mu 1947, kukafuna umboni woti agogo ake anali nduna ya mfumu yaikulu. Anawapezadi, dzina ndi mudzi zonse zogwirizana, koma m'buku la milandu ya kwa DC: mbuzi imodzi, ya eni ake. Anatseka bukulo mofatsa, nathokoza, n'kukauza abale kuti tsamba la agogo linadyedwa ndi chiswe.

*

Mnyamata ndi mtsikana anakumana ku Lilongwe, nagwirizana za banja. Ankhoswe anakumana, chinkhoswe chinachitika, holo inalipiridwa. Kenako malume wa mtsikana, yemwe ndi wa makope achikuto cholimba aja, anatulukira ndi fotokope ya buku la ubatizo yosonyeza kuti bambo wa mkwati ndi bambo wa mkwatibwi ndi ana a munthu mmodzi, kwa akazi awiri a midzi yosiyana. Akanakhala mwana wa mlongo ndi mwana wa mchimwene bwenzi tikuti ndi chisuweni, nkhani n'kutha. Koma ana a amuna awiri apachibale ndi munthu ndi mlongo wake. Mkwatibwi analira, a komiti ya ukwati anayamba kufunsana za ndalama ya keke.

Agogo aakazi a mnyamata anamvetsera zonse ali chete, akununkhiza fodya wawo. Atatha onse kulankhula, anaitana ankhoswe kuseri kwa nkhokwe.

"Auzeni anawo akwatirane."

"Koma agogo, bukuli likuti..."

"Bukulo linalemba zimene ndinawauza abusa. Inu munalipo?"

Ukwati unachitika, ndipo gogoyo anavina kuposa onse pa perekaniperekani. Malume uja anafuna kufunsa dzina loti alembe pamalo pa limene lagwa, koma ankhoswe anamulanda cholembera.

Inu amene mwagula kale kope, mabuku a ku Zomba ndi a ku mishoni akudikirani, sathawa. Yambani mwapita kwa agogo aakazi Loweruka likubwerali, mutenge shuga ndi kafodya pang'ono, ndipo mafunso enieniwo mukawafunse agogo aamuna atapita kudimba.