Nyanja ikakuona litsiro

Pa maudindo onse amene munthu angadzilonge yekha, wanga ndi wapamwamba ndithu. Ndine mkulu woona zanyengo wa pakhomo panga, komanso wa gulu la WhatsApp la Amalawi a mbali yathu kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Palibe anandisankha, palibe amandilipira, ndipo palibe amandifunsa. Koma Novembala akangolowa ndimatsegula ofesi: mpando wa pafupi ndi hita, kapu ya tiyi, ndi foni ya galasi long'aluka. Mapepala ondiyenereza pa ntchitoyi ndi jogalafe ya Fomu 2 ndi mtima wosafuna kutuluka panja.

Chimene chinandilowetsa m'ntchito imeneyi ndi kukondera kumene ndinakuona pa kagawidwe ka sinowo. Alamu anga amakhala ku Chicago, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Michigan, ndipo amaiona tsiku lililonse popita kuntchito. Iwo pachaka amalandira sinowo wa mainchesi pafupifupi 38. Anzathu a ku Indianapolis, kumwera kwathu, amalandira cha m'ma 25, koma akamadandaula pagulu mumangoti agwetsedwa ndi phiri. Ife kuno, amene nyanjayo sitiiona n'komwe pokhapokha titathira mafuta m'galimoto, timalandira mainchesi pafupifupi 64, kupitirira mita ndi theka. Nyanja imodzimodzi: alamu anga imawapatsa malo ojambulitsira zithunzi, ine imandipatsa fosholo.

Nditafufuza ndi mtima wa munthu wolakwiridwa, ndinapeza kuti nkhani yake ndi iyi. Madzi sachedwa kunyowetsa koma amachedwa kuzizira. Nyanja imasunga kutentha kwa chilimwe mpaka Disembala, nthawi imene nthaka yauma kale gwa. Ndiye kumabwera mphepo yozizira ndi youma yochokera ku Canada. Ikamadutsa pamwamba pa madzi ofundawo, nyanja imayamba kufuka nthunzi, mphepo ija imamwa chinyontho ndi kutentha, imapepuka, imakwera, mitambo n'kuumbika. Akatswiri enieni, amene amalipidwa, amati madziwo afunika kufunda kuposa mpweya wa pa kilomita imodzi ndi theka m'mwamba ndi madigiri 13 kapena kuposerapo kuti zinthu zipse bwino. Mitamboyo ikafika kumtunda, imatula katundu wake pakhomo loyamba limene yalipeza. Poti mphepo yachisanu kuno imakonda kuchokera kumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo, Chicago ndi Milwaukee ndi kokwerera, ife ndi anzathu a m'chigawo cha Michigan ndi kotsikira.

Wa ku Mulanje sangadabwe nazo. Chiperoni chikabwera ndi chinyezi cha ku Mozambique, chimakwera phiri n'kunyowetsa minda ya tiyi, pamene wa ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, akuyanika chimanga. Kunonso mtunda uli ndi mawu ake. Kum'mawa kwa nyanja ya Ontario, ku New York, kuli chitunda cha Tug Hill, kumene nyanja ndi phiri zinapangana upo: mphepo yonyowa ikangotsika m'nyanja imakumana ndi chikweza, ndipo anthu akumeneko amalandira mainchesi opitirira 200 pachaka, mamita asanu athunthu. Ndikawerenga zimenezi ndimawapempherera, kenaka ndimamva bwino mumtima, ndipo sindidziwa kuti pa ziwirizi chachikhristu n'chiti.

Tsopano ndikuuzeni mmene ntchito imayendera chimphepo cha sinowo chikalengezedwa. A National Weather Service, nthambi ya boma yoona zanyengo, satchula dzina lalikululo mwachisawawa. Kuti chikhale chimphepo chenicheni, mphepo iyenera kuthamanga mamailo 35 pa ola, amene ndi makilomita 56, munthu asamathe kuona kupitirira mamita 400, ndipo zikhale choncho kwa maola atatu kapena kuposa. Mfundo zimenezi ndinaziloweza ndipo ndimazilakatula patebulo la chakudya. Ana amangoyang'anana. Mayi a kunyumba amati, "Bambo, ndiwo zikuzizira. Mamita 400 anuwo adikira."

Chilengezo chikatuluka, mzinda wonse umathamangira kusitolo. Buledi amatha, mkaka umatha, mazira amatha. Ine ndimadutsa m'kati mwa chipwirikiti chonsecho mwaulemu, n'kukanyamula ufa. Mzungu wa kumbuyo kwanga pamzere amandiyang'ana ndi chisoni poona kuti ndatsalira, ine ndimamuyang'ana ndi chisoni podziwa kuti buledi wakeyo pofika Lachitatu adzakhala mbiri yakale.

Usiku ndi pamene ukatswiri umaonekera. Ndimatsegula mapu a radar pafoni. Sinowo wa nyanja sabwera mofunda dera lonse ayi. Amabwera m'mizere yayitali koma yopyapyala, ina yosakwana makilomita 20 m'lifupi. Pamapu mumaona kamzere kabuluu kakuchokera pakati pa nyanja, kakugwedezeka pang'onopang'ono, kakusankha woti kamudye. Mphepo ikachokera kumpoto kwenikweni, imayenda utali wonse wa nyanja, makilomita pafupifupi 500, ikumwa njira yonse, ndipo imakasanzira a ku Valparaiso ndi LaPorte. Ikachokera kumadzulo, tsoka limapita ku Kalamazoo ndi Grand Rapids. Ikangokhota pang'ono n'kuchokera kumpoto chakumadzulo, adiresi ndi yanga.

Ndiye ndimayamba kutumiza malipoti pagulu. "Abale, mzere uli pa Michigan City, konzekani." Chete. "Abale, wafika LaPorte." Chete. Pakati pa usiku wina amayankha kuti, "Achimwene, sitinagone kuti tikhale alonda." Winanso amatumiza chithunzi cha nsomba zouma zimene akugulitsa. Kumbali kwanga kumamveka mawu a m'bulangete: "Kodi sinowoyo akudikira kuti mumulozere njira? Thimitsani foniyo."

Pali amene amanong'ona kuti zolosera zanga sizikwaniritsidwa. Limenelo ndi bodza la anthu ansanje. Ine ndikanena kuti kugwa mainchesi 12 ndiye kuti agwadi, kungoti nthawi zina amagwera kwa munthu wina. Mphepo ikasintha maganizo usiku, mlandu ndi wa Canada. Tsiku lotero ndimadzuka, pakhomo pali mbee, ndipo ndimaimbira mnzanga wa ku LaPorte kumupepesa ndi mawu achisoni, mano ali panja. Koma akulu ananena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno mwambi umenewu suchedwa mpaka mawa. Umakwaniritsidwa masana omwewo.

Ndisabise cholinga chenicheni cha kafukufuku wangayu. Boma la Indiana lili ndi mapu a mitundu osonyeza mmene misewu ilili m'dera lililonse. Chikasu ndiye kuti yendani mosamala. Olenji ndiye kuti tulukani pokhapokha pali chifukwa chomveka. Kufiira ndiye kuti khalani m'nyumba, msewu usiyireni ogwira ntchito zadzidzidzi. Ine moyo wanga wonse wachisanu ndimasaka kufiira. Ndimakuyembekezera, ndimakulota. Vuto n'lakuti ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo agogo athu aja samasiya kudya, kumwa mankhwala kapena kufuna kutembenuzidwa pabedi chifukwa choti mapu afiira. Ana amalandira uthenga woti sukulu yatsekedwa, n'kuvina m'khitchini. Ine ndimalandira uthenga woti ndifike msanga chifukwa anzanga awiri alephera kutuluka. Walira mvula walira matope.

Nthawi ina ndinayesa kugwiritsa ntchito sayansi. Ndinaimbira abwana kuwafotokozera kuti kuno kwathina, galimoto sikuoneka, nyumba ya tsidya lina la msewu yasowa. Iwo anakhala chete pang'ono n'kunena kuti kumene ali kukuwala dzuwa ndipo akuona udzu. Ndinayamba kuwaphunzitsa za madigiri 13, za utali wa nyanja ndi za kupyapyala kwa mizere. Anamvetsera mpaka kumapeto, anayamikira kuti aphunzirapo kanthu, n'kundifunsa kuti ndifika nthawi yanji. Umu ndi mmene nyanjayi imanyozetsera munthu: imakukwirira wekha, mboni n'kuisiya padzuwa.

Choncho ukatswiri wonse umathera pa fosholo. Mumavala kabudula wamkati, thalauza, thalauza lina, malaya, juzi, jekete, chijekete, chipewa ndi magolovesi, ndipo mukangomaliza kumanga nsapato ndi pamene thupi limakumbukira kuti likufuna kuchimbudzi. Mukatuluka, mpweya woyamba umaumitsa tsitsi la m'mphuno. Sinowo wa nyanja ndi wopepuka, wa mbuu, moti fosholo yoyamba imakunamizani kuti ntchitoyi ndi yamasewera. Mumakankha, mumaponya, mphepo imakubwezerani theka kumaso. Mumafukula galimoto, mumapala galasi, mumawaza mchere pamasitepe. Msana ukayamba kuyankhula, njira yayera, mumaima n'kutsamira fosholo kuti aneba aone mwamuna.

Nthawi yomweyo mumamva kulira kwa chigalimoto chokankha sinowo. Chimatulukira pakona, nyali zachikasu zikuphethira, chikuyeretsa msewu wa boma, ndipo zonse zimene chakokolola chimaziunjika pakhomo panu penipeni. Uyu sakhalanso wopepuka uja. Ndi chimtumbira cholimba, chosakanikira ndi mchere ndi matope, chofika m'mawondo. Woyendetsayo amakweza dzanja kupereka moni. Inenso ndimakweza, chifukwa ndinaleredwa bwino, koma zimene ndimanena m'Chichewa pansi pa sikafu sizingasindikizidwe m'nyuzi ino.

Neba wanga ndi bambo wachikulire wobadwira konkuno, ndipo ali ndi makina opemerera sinowo. Amamaliza pakhomo pake ine ndisanafike pakati, kenaka amabwera kudzaima pambali panga kundilimbikitsa ndi mbiri. Kwa iye chilichonse chimene chagwa chaka chino ndi fumbi chabe poyerekeza ndi Januwale wa 1978, pamene chimphepo chimodzi chinasiya mainchesi 36 mumzinda uno. Amafotokoza mofatsa, makina ake ali phee pambali, ine ndikupuma ngati ndathamangitsidwa. Akamaliza nkhani ndi pamene amawaliza n'kundimalizira kachigawo kotsala. Ndinazindikira kuti mtengo wa makinawo ndi kumvetsera 1978, ndipo ndimalipira mosanyinyirika.

Mtima ukawawa kwambiri ndimatsegula mapu a mzinda wa Buffalo, ku New York. Nyanja ya Erie inagona chopingasa, mutu wake utaloza mzinda umenewo, moti mphepo ikachokera kumwera chakumadzulo imayenda nyanja yonse n'kukatula pamalo amodzi. Mu Novembala 2022 tauni ya Hamburg, kumwera kwa Buffalo, inalandira mainchesi 81, kupitirira mamita awiri, m'masiku owerengeka, ndipo masewera a timu ya Buffalo Bills anasamutsidwira ku Detroit. Mwezi wotsatira, nthawi ya Khrisimasi, chimphepo china chinapha anthu opitirira 40 m'dera lomwelo, ena m'magalimoto mwawo atatitimira pamsewu. Apa ndiye ngakhale ine ndimasiya nthabwala. M'galimoto mwanga simuchoka bulangete ndi kafosholo, ndipo lipoti limodzi lokha limene gulu lathu limawerenga mpaka kumapeto ndi lakuti ukatitimira, yamba wafukula paipi ya utsi usanalize injini, chifukwa utsi ukabwerera m'kati umapha mwakachetechete.

Komabe a ku Buffalo ali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe. Erie ndi nyanja yosaya, pozama kwambiri ndi mamita 64, ndiye zaka zambiri imaundana pamwamba chisanu chikafika pakati, ndipo madzi akatsekeka nthunzi imasiya kutuluka. Yathuyi ndi yozama mamita 281. Imaundana m'mphepete, pakati pali potseguka, ikufukabe. Anzathu fakitale yawo imatseka, yathu imagwira mpaka Malichi. Mvula ikakuona litsiro sikata, koma mvula bola, imadziwa kulowa pansi yokha. Sinowoyu amakudikira pakhomo mpaka umunyamule.

Sabata yatha mwana wanga anandijambula nditaima pambali pa mulu umene ndinaunjika ndi manja anga, nditavala zovala zonse zimene ndili nazo. Ndinatumiza chithunzicho kumudzi kuti abale aone mmene ndalama ya kuno imapwetekera. Ndinalembanso ndime zitatu zofotokoza za nyanja, za mphepo ya ku Canada ndi za msana wanga. Yankho linachokera kwa azakhali: "Mwana wanga, koma ndiye wanenepa! Zikukuyendera. Uja feteleza wobereketsa tinati matumba awiri, ungopanga anayi."