Kodi msangu umatsatira kalendala ya ndani?

Mvula ikagwa mu Disembala tchire lonse limabiriwira, koma msangu umayoyola masamba n'kuima mbulanda pakati pa munda. Chilimwe chikafika, mitengo ina itafota, iwo m'pamene umavala. Kodi unasokoneza nyengo? Alangizi a zaulimi amati mizu yake imazama mpaka kukapeza madzi apansi, choncho sudikira mvula. Ndamva. Nanga bwanji osangokhala ndi masamba chaka chonse? Alimi a ku Salima amausiya m'munda chifukwa chimanga cha patsinde pake chimapeza dzuwa komanso chonde cha masamba oyoyokawo, ndipo msipu ukasowa mbuzi zimadya nyemba zake. Zonsezo n'zabwino kwa ife. Koma mtengo ungadziwe za chimanga?

Mombo nawo umandizunguza. Mu Seputembala, lupsa atadutsa, fumbi lili koboo, umaphuka masamba ofiira osalandira ngakhale dontho limodzi la mvula. Akuti umadalira zimene unasunga m'mizu. Ndani amauuza kuti dzinja layandikira? Nanga mvula ikachedwa, monga ikuchitira zaka zino, umatani?

Anamzeze ena amene amadzaza pa mawaya kuyambira mu Okutobala amachokera ku Ulaya, ndipo amabwerera cha mu Epulo. Kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20, kuwoloka chipululu cha Sahara! Njira kamaikumbukira bwanji?

Ndiye pali ngumbi. Mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka, zulu zambiri za m'dera limodzi zimatulutsa ngumbi madzulo omwewo. Zimapangana? Ndipo bowa wa utale, amene amamera pachulu, akuti chiswe chimachita kumulima mkati mwa nyumba yake. Chiswe chomwechi chimene chimatidyera mapaso!

Funso limene limandisowetsa mtendere ndi la manyame ndi ndelema. Bowa ameneyu sungamubzale kudimba, chifukwa amakhala limodzi ndi mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku, ndipo amathandizana. Amayi amene amamugulitsa m'mbali mwa msewu mu Januwale amakamuzula m'nkhalango zomwezo zimene matumba a makala akuchokera tsiku ndi tsiku. Mtengo ukadulidwa n'kutsala chitsa, bowa uja amadikira pansi kuti mphukira zikule? Amatha kudikira zaka zingati?