Ufumu wa mbatatesi yokanya

Pa mbale ya chakudya cha ku Ulaya, anthu amatama nyama yootcha ndi msuzi wake, koma kachulu koyera kokhala phee pambali, mbatatesi yokanya ndi batala ndi mkaka, amangokameza osathokoza. Kumeneku n'kupanda ulemu, pakuti palibe chakudya china chimene chinanyozedwa chotere n'kukhalabe chofatsa. Mbatatesi kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo itafika ku Ulaya pa zombo za anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, ambiri anaiyesa chakudya cha nkhumba. Ku France inaletsedwa mu 1748 poinamizira kuti imayambitsa khate. Amene anaiyeretsa dzina ndi Antoine-Augustin Parmentier, katswiri wa mankhwala amene anakhalira mbatatesi ali mkaidi wa nkhondo ku Prussia, ndipo mu 1772 madokotala a ku Paris anavomera kuti munthu angathe kuidya osafa. Apo n'kuti Angerezi atayamba kale kuikanya. Hannah Glasse analemba kaphikidwe kake m'buku la mu 1747.

Otsutsa amati ichi n'chakudya cha opanda mano. Zoonadi, ndipo ulemerero wake wagona pomwepo. Nyama imasankha wodya, chimanga chootcha chimaseka nkhalamba, koma mbatatesi yokanya imalandira khanda, agogo ndiponso amene wangochotsa dzino, osafunsa kanthu. Amene imamuvutitsa ndi wophika yekha, monga zimayenera kwa mfumu. Imafuna kuikidwa m'madzi ozizira a mchere kuti ipse mofanana mpaka m'kati, kukhetsedwa, kubwezedwa pamoto pang'ono kuti iume, kenaka kukanyidwa ikadali yotentha. Batala ndiye amayamba kulowa, mkaka pambuyo, ndipo mkakawo ukhale wofunda. Wozolowera nsima, amene amadziwa kuti mphamvu ya mkono pa mthiko ndiyo imakometsa chakudya, apa amachita manyazi: akaitakasa mwaukali, timatumba tosunga sitachi timaphulika, ndipo mumphika mumatsala ulimbo wokoka. Makina ogayira amagetsi amaiwononga mofulumira kuposa pamenepo. Ndi chakudya chiti china chimene chimalola kusinjidwa koma n'kukana kuchitiridwa nkhanza?

Ena amati payokha ilibe kukoma, yangokhala ngolo yonyamulira batala. Umboni ali nawo: Joël Robuchon, wophika wa ku France amene anatchuka nayo dziko lonse, ankathira magalamu 250 a batala pa kilogalamu imodzi ya mbatatesi. Koma mlanduwu ukuikweza m'malo moitsitsa. Munthu atati adye batala wochuluka chotero ndi supuni, abale angamuitanire dokotala. Mbatatesi imamubisa yense m'thupi mwake n'kufika patebulo ndi nkhope yoyera ngati sidziwa kanthu. Tchipisi, amene mafuta ake amaonekera poyera mpaka kudontha m'kajumbo, ndiye amadzudzulidwa ndi azaumoyo, pamene mnzakeyu amaperekedwa kwa odwala ngati chakudya chopepuka. N'chifukwa chake n'zomvetsa chisoni kuti kachewere wambiri wa ku Dedza ndi Ntcheu, wokulira bwino m'mphepo ya kumapiri, amathera pachiwaya m'mbali mwa msewu, m'mafuta okazingira kale kangapo, asanalaweko ngakhale dontho la mkaka.