Watsala M'modzi, Atero Kompyuta

Alamu anga a ku Joni ku ukwati wa mwana wanga sanabwere, koma ya mpunga anatumiza, ndiye vidiyo ayenera kuionera. Vidiyoyo ndi ya maola awiri, theka lake perekaniperekani, ndipo pa WhatsApp inakana kukwera. Ndinakwera kabaza, ulendo pa Mangochi Boma kwa mnyamata wobena nyimbo kuti aichepetse.

Atangodina, pakompyuta panada bii, zilembo zoyera n'kuyamba kuthamangitsana. Ine, munthu woti pamsonkhano wa asodzi ndikakhosomola anthu amakhala chete, ndinamuuza kuti makina ake alowa vairasi.

"Ayi madala, ameneyu ndi FFmpeg, ali pantchito."

FFmpeg ndi pulogalamu yaulere imene Fabrice Bellard wa ku France anaiyambitsa mu 2000, ndipo mapulogalamu ambiri osintha mavidiyo amaibisa m'kati mwawo n'kumatchuka ndi thukuta lake. Yokha maperesenti sinena. Imangolavula mizere: poyamba Duration, kutalika kwa vidiyo, kenako time, pamene yafika. Kamzere kobiriwira ka maperesenti timakapembedza kaja sikachepetsa kanthu. Ndi kapulogalamu kena kongoima pambali, kumvetsera, kutola time n'kugawa ndi Duration. Mphindi 30 pa 120, iko n'kulengeza 25 peresenti ngati kagwira ntchito ndi iko.

Kumapeto kwa mzere kunalembedwa speed=0.5x. Apa ndiye masamu anga a Sitandade 8 anadzuka. Theka la maola awiri ndi ola limodzi! Ndinatuluka n'kuuza wakabaza kuti asachoke. Mnyamata uja anadikira kaye ndikhale pansi, ndiye n'kundiuza mwaulemu kuti kompyuta ikuyenda theka la liwiro la vidiyo, choncho ndi maola anayi. Wakabaza masamu amenewa anawamva msanga kuposa ine, mtengo n'kukwera pomwepo.

Dzuwa la Mangochi mukulidziwa. Ndinamwa thobwa, ndinawodzera, ndinaonera apongozi anga akuvina popanda mawu. Kenako kamzere kobiriwira kaja kanafika pa 99 peresenti, n'kuima nji! Kondakitala wa minibasi ya ku Monkey Bay akati "watsala m'modzi", mumadziwa kuti mugula chimanga chootcha n'kuchimaliza. Ndinatambasula dzanja kuti ndizule fulashi.

"Musayerekeze madala!"

Akuti zithunzi zikatha, fayilo ya MP4 imalembedwa mndandanda wouza foni pamene chithunzi chilichonse chili. Mukazula, kapena magetsi akathima mndandandawo usanalembedwe, fayilo ilipo koma siitseguka, maola anayi aja apita ndi Shire.

Madzulo vidiyo inafika ku Joni, bando yanga n'kuthera pomwepo. Yankho silinachedwe: "Alamu, ndilibe nthawi, mungonditumizira pamene MC anatchula dzina langa."

Mnyamata uja akuti kudula kachigawo kameneko ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo sakanandilipiritsa n'komwe.