Mfumu ya mu Mgolo wa Buluu

Vulani zipewa, inu a ku Matero. Gwadani, inu a ku Chawama, ngakhale pansi pali matope. Inu a ku George, a ku Mtendere ndi a ku Kalingalinga, imitsani mawilibala, tsekani tuntemba, ombani m'manja mofatsa ngati muli pabwalo la mfumu, pakuti lero ndikutamanda wamkulu amene nyuzipepala zinamuiwala, amene wailesi imangomutchula tsiku limene a khonsolo amukhuthulira m'ngalande. Ndikunena waini wa ku Kanyama mu Lusaka muno, wobadwira kuseri kwa nyumba, woleredwa mu mgolo wa buluu, wovala thumba la ufa kumutu ndi njerwa pamwamba pake ngati chisoti chaufumu.

Inu Chiswamutu, inu Mgwetsanjovu, inu Mphunzitsi wa Chingerezi wosalipiritsa fizi, inu Woulula zinsinsi za m'banja, inu Kholo la ngongole, inu amene mumalowa pakhomo ngati mlendo wofatsa n'kutuluka mutanyamula malipiro a mwezi wonse, ndagwira mwendo wanu. Ndiloleni ndilankhule.

Mfumu sitamandidwa osatchula mtundu wake, ndipo mtundu wa uyu ndi wa kutsidya kwa nyanja. Mawu athu akuti vinyo anachokera kwa Apwitikizi, amene anakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Mawu akuti kachasu nawonso ndi awo, anachokera ku cachaça. Tsono bambo ake ndi Mpwitikizi, mayi ake ndi Mpwitikizi, ndipo yekhayo mwanayu ndiye anabadwira pafupi ndi Los Angeles Road. Ngati pali wina amene akukayika za ulemerero wa malo obadwirawo, awerengenso dzina la msewuwo.

Abale ake a ku ulaya mumawadziwa, kapena munaonapo mabotolo awo opanda kanthu m'zinyalala za kumayadi. Wamkulu wa onse ndi port, wa m'chigwa cha mtsinje wa Douro ku Portugal, kumene m'chaka cha 1756 boma linalamula kuti pakhale malire a minda yoyenera kubala vinyoyo, pambuyo pake n'kuzika miyala yosonyeza malirewo. Kumeneko amaponda mphesa ndi mapazi m'zomwera za miyala, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu, shuga asanathe kusanduka mowa, amathiramo kachasu wawo wa mphesa wa mphamvu 77 pa 100. Yisiti imafa, kutsekemera kumatsala, vinyo n'kukhala ndi mphamvu pafupifupi 20 pa 100. Muyeso wake ndi wodziwika: malita 115 a kachasu pa malita 435 a vinyo, kudzaza mgolo wa malita 550. Taonani mantha a anthu amenewa! Kuyeza, kuwerenga, kulemba m'buku! Amayi athu ofulula waini a pafupi ndi ngalande sanagwirepo choyezera chiyambire ntchitoyi. Akaona kuti makasitomala ayamba kudandaula kuti waini wafooka, amatenga botolo la kachasu pansi pa bedi n'kuthira monga mtima wawo wawauzira. Tsiku limene agona bwino amathira theka. Tsiku limene akangana ndi alandilodi amathira lonse, ndipo tsiku limenelo komboni yonse imadziwa kuti lendi yakwera.

Mphesa? Musanyoze mfumu. Mphesa ndi za anthu opanda nzeru zina. Wathuyu amaumbidwa ndi masamba a tiyi, shuga wa ku Nakambala, yisiti yomweyo ya vitumbuwa, ndi madzi. Nthawi zina mumagwera kanthu kena kamene sikanaitanidwe, koma mfumu yeniyeni sithamangitsa alendo.

Pa madzi ndiima pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona ulemu wonse. Akatswiri a vinyo amati kukoma kumachokera m'nthaka. Ku Jerez, kum'mwera kwa Spain, kwawo kwa sherry, amanyadira dothi lawo loyera la laimu lotchedwa albariza, limene limasunga madzi a mvula kuti mpesa uzimwa m'chilimwe. Kodi Kanyama wakhala pa chiyani? Si pa mwala wa laimu womwewo? Mwala wathu uli ndi mapanga ndi ming'alu pansi pake, ndipo madzi amayenda m'menemo mwaulemu, kulonjera nyumba iliyonse, kuzonda chimbudzi chilichonse, kutenga uthenga pang'ono apa ndi pang'ono apo, asanatulukire m'chitsime chosaya chimene amayi amatungamo. Vinyo wa ku Jerez amanena za munda umodzi. Wathuyu amanena za komboni yonse, nyumba ndi nyumba, ndipo palibe amene wasalidwa. Ha, mgwirizano wake! Ha, umodzi umene andale amangoulonjeza pa misonkhano!

Tsono tinene za zaka. Opanga port salengeza chaka chilichonse kuti n'chopambana. Amatero mwina katatu pa zaka khumi, ndipo okonda vinyoyo amatchula 1963, 1977, 1994 ndi 2011 ngati mayina a ana awo. Munthu amagula botolo mwana atabadwa, n'kulibisa m'chipinda chamdima mpaka mwanayo adzakwatire. Ulesi wotani umenewu, vinyo kugona zaka makumi awiri asanagwire ntchito! Mfumu yathu imabadwa Lachiwiri, Lachinayi yamera mano, Lachisanu ikuweruza milandu, Lamlungu m'mawa yapita kwa makolo ake. Ndinafunsapo tsiku lina, nditagwira kapu ndi manja awiri monga mwa mwambo:

"Amai, uyu ni wa liti?"

"Ni wa mailo, mwana wanga. Wakula."

Amene mumadziwa chilankhulo cha m'tauni muno mukudziwa kuti mailo ndi dzulo, mailo yemweyo ndi mawa. Ndinakhala chete ndi mantha aakulu. Ndi nyumba iti yopanga port, ngakhale ya Taylor's imene inayamba mu 1692, imene inagulitsapo vinyo wa mawa?

Komabe zaka zazikulu tili nazo, ndipo akuluakulu a pa benchi amazikumbukira. Amatchula 1978, chaka cha chigumula cha Kanyama, pamene akuti migolo inayenda yokha kukachezerana. Amatchula 2012, pamene mu Epulo nduna Nkandu Luo analetsa tujilijili, timapaketi tija timene tinkakwana m'thumba la shati ya mwana wa sukulu. Mfumu yathu, imene anyamata anali ataitaya n'kutsatira tiakapolo ta pulasitikito, inawalandiranso popanda kuwafunsa kumene anali. Amatchula motsitsa mawu Januwale wa 2018, pamene kolera inavuta mpaka boma linalamula kuti ku Kanyama munthu asayende usiku, ndipo waini anamwedwa mwakachetechete, zitseko zotseka, aliyense akutsimikizira mnzake kuti kachasu amapha tizilombo tonse. Ena mwa amene ankatsimikiza kwambiri sitikuwaonanso pa benchi, koma malo awo anakhalidwa msanga. Ndipo amatchula 2024, chaka cha chilala ndi kuzima kwa magetsi, pamene mowa wa m'mafiriji unafunda m'mabala onse a mu Lusaka, koma wathuyu, amene sanadziwepo firiji chibadwire, sanasinthe ngakhale pang'ono.

Ku Jerez ali ndi luso lina lotchedwa solera. Amasanja migolo, n'kumatunga pang'ono mu wakale kwambiri, n'kudzazamo wochokera mu wotsatira, kuti vinyo wamng'ono aphunzire khalidwe kwa wamkulu, ndipo mgolo sukhala wopanda kanthu. Amalemba mabuku za zimenezi. Amayi athu anafika pa nzeru yomweyo popanda kukwera ndege: mgolo wawo sunatsukidwepo. Pansi pake pali matope akuda amene anaona ndalama zakale zisanachotsedwe maziro atatu mu 2013, ndipo waini aliyense watsopano amagwada pamaso pa matope amenewo n'kulandira mwambo. Mgolowo usanakhale nyumba ya mfumu unkasunga mankhwala ena ake ku mafakitale, ndipo chizindikiro cha chigaza ndi mafupa awiri chikuonekabe pambali pake. Mbendera yaufumu imeneyo.

Za Madeira ndingodutsa. Pa chilumba chimenecho amatenthetsa vinyo dala kwa miyezi itatu, potsanzira kutentha kwa m'zombo zakale. Ife tili ndi denga la malata ndi mwezi wa Okutobala.

Chigawo chilichonse chili ndi kakomedwe kake, ndipo wodziwa salakwitsa. Wa ku Matero ndi waukali, wolankhula zandale, sachedwa kukwera pa tebulo. Wa ku Chawama ndi wotsekemera, amayamba ndi nyimbo za kwaya n'kumalizira kwa apongozi. Wa ku George ndi wolemera, amakhala pansi pa mimba ngati njerwa ya simenti. Wa ku Kalingalinga, pokhala pafupi ndi yunivesite, amatulutsa mawu aatali amene womwayo sadzawakumbukira m'mawa. Koma wa ku Mtendere ndiye wovala bwino kuposa onse, chifukwa ogwira ntchito ku Kabulonga amabwera ndi mabotolo otayidwa ndi mabwana awo. Ndinamwapo kumeneko waini wa masamba a tiyi kuchokera m'botolo la Sedgwick's Old Brown, la ku South Africa, pakamwa pake potsekedwa ndi chitsononkho. Sindinamvepo ulemu wotero pa lilime langa, ngakhale kuti lilimelo linachita dzanzi mpaka Lachitatu.

Nanga mwambo wa kamwedwe! Angerezi akamamwa port amapatsirana botolo kumanzere, ndipo wina akalisunga nthawi yaitali samudzudzula, amangomufunsa ngati amadziwa bishopu wa ku Norwich. Ife kapu ndi imodzi, yapulasitiki, yobiriwira kale, ya mng'alu umene umatsekedwa ndi chala chachikulu. Imayenda kumanzere, kumanja, ndi kulikonse kumene kuli munthu amene walandira malipiro. Woisunga nthawi yaitali safunsidwa za bishopu. Amafunsidwa za amayi ake. Iwo amasefa vinyo wakale pang'onopang'ono pa kuwala kwa kandulo kuti nsenga zitsale m'botolo. Ife timasefa ndi chitenje cha chipani, ndipo ndikuuzeni monga munthu amene walawa zipani zonse kuti nkhope ya mtsogoleri sisintha kakomedwe. Iwo amadyera tchizi chonunkha ndi mtedza wa kwawo. Ife timadyera kapenta mmodzi wokazinga, wogawana anthu atatu, kapena fungo chabe la michopo lochokera pa mbaula ya mnyamata wa pa kona, limene ndi laulere.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinamva chokhudza akatswiri a ku ulaya chimene sindinayerekeze kuchinena pa benchi, kuopa kuti akulu angadwale. Akuti akalawa vinyo, amamuzunguza m'kamwa, n'kumulavula. Kumulavula! Mfumu yathu nayonso imabwerera kudzera pakamwa, sindikana, koma imabwerera pa nthawi yake, mwa kufuna kwake, itayendera kaye dziko lake lonse.

Akatswiri omwewo amapendeketsa galasi n'kuyang'ana timizere totsika m'mbali mwake, n'kunena kuti vinyoyu ali ndi miyendo. Wathunso ali nayo, ndipo ndi yambiri kuposa ya bongololo, chifukwa aliyense womumwa amasiya yake pomwepo. Ndinaona ndi maso anga bambo wolemekezeka, womanga nyumba wodziwika, akutuluka pa geti ya amayi nthawi ya dzinja, akuyenda pa miyala imene timaponda podutsa madzi. Mwala woyamba anauponda. Wachiwiri anaupepesa. Wachitatu anaona kuti ndi iwiri, ndipo posafuna kukondera anaponda pakati. Ndi vinyo uti wa ku Douro amene anabatizapo munthu wamkulu m'dzina lake?

Inu Mgonetsa-panja, inu Msokoneza-njira, inu amene mumasandutsa ngwangwazi kukhala loya ndi loya kukhala ngwangwazi, inu Mwini kabuku kakuda kamene muli mayina a amuna onse a mu mzere uno, inu amene akazi athu amakutchulani m'mapemphero awo usiku uliwonse, ngakhale sindinamvetsetse zimene amakupemphererani! Mafumu ena amalandira msonkho kamodzi pa chaka, anthu atavala bwino, ku Mkaika kapena ku Mtenguleni. Inu mumalandira tsiku lililonse: lero foni, mawa nsapato, mkuja wailesi, ndipo pa khoma la amayi papachikidwa mawotchi anayi a anthu amene anapita kukatenga ndalama chaka chatha. Ndipo m'mawa simutisiya amasiye. Mumatuma nduna yanu yaikulu, matsire, amene kuno timati babalazi, kudzaimba ng'oma m'mutu kuyambira tambala woyamba, kutikumbutsa kuti mankhwala a mfumu ndi mfumu yomweyo.

Mgolo watsopano utsegulidwa Lachisanu dzuwa likapendeka, ngati mvula siulowa. Amayi akuti ngongole zakale zithe kaye, ndipo dzina langa lili pa tsamba loyamba. Amene mukubwera, bwerani ndi kapu yanu. Yobiriwira ija yang'ambika mpaka pansi.