Tsokonombwe wa ku Zvishavane

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, koma sadatiuze kumene ankapita. Ku Zvishavane, ku Shurugwi ndi ku Kwekwe kuli atsokonombwe ambiri odumpha mosajomba: kuchoka pabala kupita pashabini, kuchoka pashabini kupita kuseri kwa nyumba kumene amagulitsa mutoriro, mankhwala ozunguza bongo, ndi BronCleer, mankhwala a chifuwa omwe akutha m'manja mwa anthu osatsokomola. Mtunda amauthadi. Kungoti ena amakathera ku chipatala cha odwala misala cha Ingutsheni ku Bulawayo.

Masiku ano aphungu amati wofuna kusiya azithamanga, azimenya mpira, azikwera mapiri. Ukamuuza zimenezi mkorokoza, wokumba golide payekha, amakuyang'ana ngati wamutukwanira amake. Munthu wakhala m'dzenje tsiku lonse akuswa mwala, watuluka ndi thumba la miyala pamsana, iwe wa mimba yako n'kumamuuza zolimbitsa thupi? Sakulakwa. Kukanakhala kuti minofu imachiritsa chibaba, kuno ku Midlands konse sikukanapezeka chidakwa.

Chomwe chimagwetsa munthu ndi maola a pakati pa kuweruka ndi kugona. Agogo athu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira m'migodi ya kuno sankasowa chochita pa maolawo. Kampani inkamanga bwalo la mpira, n'kumanganso holo ya mowa, kuti munthu asankhe yekha mochimwira. Lamulungu m'komboni munkalira ng'oma za beni ndi gule wamkulu, ndipo wovina kapoli sangayambe wapima mabotolo asanu, fumbi lingamuchititse manyazi. Kenako mu 2008 ng'anjo za Ziscosteel ku Redcliff zidazima, mgodi wa Shabanie nawo udagwada m'zaka zomwezo. Udzu udamera m'mabwalo ambiri. Pakhomo la bala sipadamere ngakhale kaudzu kamodzi.

Madokotala amati mankhwala ngati mutoriro amasefukiritsa dopamine mu ubongo, mpaka munthu sakomedwanso ndi china chilichonse, ngakhale sadza ya nyama. Akasiya, dziko limazizira, tulo timasokonekera, mkwiyo umakhala pafupi. Kuyenda ndawala kapena kuthamanga kumabweza kakomedwe kaja pang'onopang'ono, kumatopetsa thupi kuti ligone, ndipo kafukufuku pa osuta fodya adasonyeza kuti kuyenda kwa mphindi zochepa kumaziziritsa chibaba kwa kanthawi. Kwa kanthawi, ndanena. Mawa chibaba chidzukanso, iwenso udzuke. Uku ndiye kudumpha kwa tsokonombwe, ndipo n'kotopetsa.

Vuto lathu ndi loti sitifuna kukhala tsokonombwe, timafuna kukhala nyalugwe. Mnyamata amalumbira pa 1 Januwale, n'kugula nsapato za kaunjika ndi kabudula wowala, n'kunena kuti mawa akwera Boterekwa yense kuchokera pansi mpaka ku Shurugwi. Msewu umenewo ngakhale malole amaukwera akulira. Pofika pakhota lachitatu mapapo akana, ndipo mnzake wachifundo akumudikira ndi botolo loti atsitsire mtima. Nsapato zija mudzaziona sabata yamawa kumapazi a mwini shabini.

Palinso msampha wa matimu otchedwa boozers, omwe amasewera Lamulungu lililonse m'matauni a Zimbabwe. Mpira wake ndi weniweni, thukuta lake ndi lenileni, koma chigawo chachitatu chimaseweredwa mozungulira kreti, ndipo chimatalika kuposa ziwiri zoyambazo. Kutumiza kumeneko munthu amene wangosiya kumene kuli ngati kusungitsa nyama kwa fisi wovala jezi. Ngakhale kubwalo la Mandava, kwawo kwa FC Platinum imene idatenga ligi kanayi motsatizana kuyambira 2017, woonera amathamanga ndi pakamwa pokha. Kukuwira wosewera sikuwerengedwa, achimwene.

Ku Iceland za masewerozi adazitenga mozama. Mu 1998 achinyamata a zaka 15 ndi 16 okwana 42 pa 100 alionse ankati aledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 adatsala 5. Sadawalalikire kwambiri. Adawadzazira madzulo ndi masewero ndi zoimbaimba, akuluakulu a mizinda n'kuthandiza kulipira, makolo n'kumadziwa kumene ana ali. Boma la Zimbabwe nalo lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ya 2024 mpaka 2030. Papepala ndi yokongola. Ine ndikanakonda mutu wake woyamba ukanakhala wotchetcha udzu ndi kugula mipira, poti migodi ya Mimosa ndi Unki singasauke ndi mtengo wa zikwakwa.

Tisanamizane: mpira si dokotala. Chidakwa chenicheni chikasiya mowa mwadzidzidzi chingathe kunjenjemera, kukomoka, ngakhale kufa, choncho chiyambire kuchipatala, bwalo pambuyo. Wa mutoriro amafunikanso phungu, ndi abale osatopa msanga. Akatero apeze mnzake mmodzi wouma mutu, womugogodera pakhomo tambala woyamba akalira, wosamva zoti bondo lawawa kapena kunja kwazizira. Ayende limodzi mpaka pachulu cha dothi la mgodi n'kubwerako. Njira yobwerera aisankhe bwino, chifukwa m'komboni njira yachidule imadutsa pashabini, ndipo mwini wake amadzuka m'mawa kuposa othamanga onse.