Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya, Ngakhale Ukhale wa Galu

Makolo ponena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya ankanena za munthu: mwana wachisamba, mwinimbumba, nyakwawa, aliyense amene milandu ya pamudzi imathera pakhomo pake chifukwa ndiye wamkulu. Sankadziwa kuti kuno ku Chipata kudzafika mitu ina yoyenda ndi miyendo inayi, yodontha dovu, imene nkhonya zake zimaphonya mwini mutu n'kukagwera m'thumba la amene anaugula.

Yendani madzulo ku Kalongwezi kapena ku Moth mumve nokha. Kuseri kwa mipanda ya njerwa kumachokera liwu lonjenjemeretsa geti, ndipo chikwangwani chochenjeza za agalu chimangokhala chokongoletsa, pakuti galuyo wanena kale zonse. Kale munthu akapeza bwino ankagula njinga ya Eagle yopangidwa konkuno ku Luangwa Industries, kenako wailesi, kenako malata. Lero akangomaliza mpanda amaitanitsa Boerboel kapena Great Dane kuchokera ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa Great East Road. Kagaluko kamafika kali m'katoni, maso mwee, ana n'kumalimbirana kukanyamula. Chinyengo chonse chili m'katonimo. Wogula amayang'ana katoni, osayang'ana mapazi a kagaluko, amene akulengeza poyera kuti mwini wake akubwera m'mbuyo.

Boerboel anachokera ku mafamu a Mabunu ku South Africa, kumene ntchito yake inali kulondera famu yonse, osati poloti ya mamita makumi awiri yokhala ndi thanki ya madzi pakati. Wamphongo akakhwima amatha kupitirira makilogalamu 70. Great Dane, wochokera ku Germany ngakhale dzina lake likuloza ku Denmark, amafika masentimita 80 paphewa ali chiimire ndi miyendo yonse inayi, moti mbale ya ndiwo ya patebulo amaiona kuchokera pamwamba. Ndipo awa si mapeto. Ku London kunali galu wa mtundu wa English Mastiff, dzina lake Zorba, amene mu 1989 analemera makilogalamu oposa 155. Ameneyo ndi matumba atatu a chimanga aja timakagulitsa ku bungwe la FRA, kungoti matumba a chimanga sadzuka m'mawa kufunsa chakudya.

Nkhani ya chakudyayi ndiyo imagwedeza mabanja. Galu wathu wakumudzi, wofiirira uja wa mchira wopindika, amadya mkute ndi makoko a nsima, ndipo nyengo yokumba mbewa amapita nawo kukagwira ntchito. Chimphona cha makilogalamu 70 chimafuna chakudya cha m'sitolo pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku, moti thumba la makilogalamu 20 silionana ndi malipiro a mwezi wotsatira. Mwezi woyamba bwana amagula mokondwa, n'kujambula thumbalo kuika pa Facebook. Mwezi wachitatu amayamba nzeru zakuya: "Galu ndi galu basi, adzazolowera nsima." Apa m'pamene pakhomo pamabwera poto wachiwiri, wamkulu kuposa wa banja, wophikira nsima ya gaga, fumbi la kapenta la ku Kapata Market, mitu ya nkhuku ndi matumbo a ku butchala. Mayi wapanyumba amayang'ana makala akutha, n'kufunsa mwaulemu wake wonse: "Kodi abambo, lero tiyambe kuphikira ndani, ana kapena mlendo wanuyu?" Funso limeneli lilibe yankho labwino. Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, eni agalu otere anali ndi maliro awiri: nyama ya banja kuonongeka m'firiji, ndi nyama ya galu kuonongeka pambali pake, ya galuyo ndiyo yochuluka.

Tsono musaganize kuti wa ndalama zambiri walewa. Iye nkhonya yake imabwera kuchokera mbali ina. Galu wa mtundu waukulu amakula mpaka chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo akamakula mothamanga chifukwa chodyetsedwa mopyola, thupi limalemera mafupa asanakhwime, mfundo za m'chiuno ndi m'zigongono n'kuonongeka. Ena amathira ufa wa kashiamu m'chakudya cha kamwana poganiza kuti akulimbitsa mafupa, pamene akuwapotoza. Wamanitsa walakwa, wadyetsa kwambiri walakwanso. Ngakhale zotsala za patebulo zili ndi mlandu, chifukwa anyezi amaononga magazi a galu, ndipo mafupa ophika a nkhuku amathyoka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Kodi ndiwo ya ku Chipata yopanda anyezi munaionapo?

Pali matenda ena amene aliyense woweta agalu a chifuwa chakuya ayenera kuwadziwa, ndipo apa nthabwala ndiziika pansi pang'ono. Galu akadya chimbale chimodzi chachikulu mothamanga, chifu chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola. Mimba imatupa n'kuuma, galu amayesa kusanza koma osatuluka kanthu, amadontha dovu, sakhazikika. Akapanda kuchitidwa opaleshoni amafa m'maola ochepa. Great Dane ndiye ali patsogolo pa mitundu imene imagwidwa ndi vutoli. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amalangiza kugawa chakudya kawiri kapena katatu patsiku, ndi kusamuthamangitsa galu atangodya. Kunena kwina, mlendoyu ali ndi nthawi ya kadzutsa, ya mgonero, ndi yopumula akadya, zimene mwini nyumba sanazionepo chibadwire.

Kuchipatala nakonso mutu waukulu amauyeza pasikelo. Mankhwala a galu amatsata kulemera kwake. Mapiritsi ambiri a njoka zam'mimba amakhala limodzi pa makilogalamu khumi alionse, choncho wakumudzi uja amamwa awiri, bwanayu asanu ndi awiri, ndipo pakatha miyezi itatu mubwerezenso. Mankhwala a nkhupakupa chimodzimodzi, ndipo simungawazembe, poti malungo obwera ndi nkhupakupa amagwetsa chimphona m'masiku owerengeka, nkhama zitayera mbee. Dzinja likafika, mphutsi zimalowa pakhungu la galu wogona pa dothi lonyowa. Okutobala akafika, dzuwa la kuno limamuphika, chifukwa galu satuluka thukuta thupi lonse, amadziziziritsa ndi wefuwefu, ndipo thupi lalikulu limachedwa kutaya kutentha. Wina akafuna kukaonetsa galu wake ku Mfuwe akumbukire kuti kuchigwa kuli kashembe, ndipo agalu obwera amagonja msanga ku matenda ake kusiyana ndi obadwira komweko.

Koma funso limene palibe amalifunsa pogula ndi ili: akadwala osatha kuyenda, mudzamunyamula pa chiyani? Chipata ndi mzinda wa njinga. Anyamata athu amanyamula pakaliyala matumba a makala, mbuzi, mabedi, ngakhale apongozi ndi katundu wawo. Koma ndikufuna ndimuone mnyamata amene angavomere Boerboel wodwala, wokwiya, akumupumira m'khosi pa chitunda. Wa takisi akangosuzumira amakumbukira kuti ali ndi kasitomala wina ku Mwami. Zimathera pa wilibala, amuna anayi ndi bulangete, anthu a m'njira n'kumavula zipewa poyesa kuti kwagwa zovuta.

Ubale nawo umalandirako zake. Atsibweni ochokera ku Chadiza, amene kale ankangolowa ndi nkhuku kukhwapa, tsopano amaima kutsidya kwa msewu n'kuchita odi pafoni. "Alamu, mwamanga chilombo chanu chija?" Owerenga mita ya madzi amangoyerekeza nambala ali panja, ndipo kuyerekeza kwawo sikukomera mwini nyumba. Eni agalu ena amati kuchepa kwa alendoku ndi phindu, kuti galu akubweza ndalama za chakudya chake. Mwina. Koma tsiku la zovuta mudzafuna anthu omwewo kuti adzakhale pa siwa, ndipo adzafunsanso funso lomwe lija ali kutsidya kwa msewu.

Chimene chimandinyansa ine ndi unyolo. Munthu amagula galu wa famu, n'kumumangirira pa mtengo wa mango usana wonse, opanda mthunzi wokwanira, opanda womuyendetsa, osazolowera anthu, kenako n'kumadabwa kuti walusa. Galu wotere amaphunzitsidwa akali wamng'ono, pamene mungathe kumuletsa ndi dzanja limodzi. Mukachedwa, mudzaona zija timaziona m'mawa kumunsi kwa phiri la Kanjala: galu ali patsogolo, mnyamata wantchito akukokedwa pambuyo, zidendene zikulima msewu, ndipo sizidziwika kuti watulutsa mnzake ndani. Izo n'zoseketsa mpaka tsiku limene geti latsala lotsegula ana a sukulu akudutsa. Galu wa makilogalamu 15 akaluma ndi bala ndi jakisoni. Wa makilogalamu 70 akagwira mwana, nkhani imafika kupolisi, nthawi zina kumanda. Dziko lino lili ndi lamulo la agalu, Control of Dogs Act, Chaputala 247, ndipo kulembetsa galu ndi kumubayitsa katemera wa chiwewe si chifundo chimene mwini galu amachitira aneba. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe. Dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa pa 28 Sepitembala chaka chilichonse.

Nkhonya yomaliza imagwera galu mwini. Agalu akuluakulu sakhalitsa. Great Dane akafika zaka zisanu ndi zitatu ndiye kuti ndi nkhalamba, pamene tiagalu tating'ono tosamalidwa bwino timapitirira zaka 12 tikuuwabe njinga. Zeus, Great Dane wa ku Michigan ku America amene analowa m'buku la Guinness chifukwa cha kutalika masentimita 111.8 paphewa, anafa mu 2014 ali ndi zaka zisanu zokha. Banja limakhala litamuzolowera, ana akulira nayo nyamayi, mayi uja anadandaula za makala ndiye akulira kuposa onse. Ndipo adzukulu sakumba manda a galu. Mudzagwira pikiyo nokha, pa nthaka ya miyala ya m'mphepete mwa mapiriwa, mukudandaula kuti bwenzi mutagula mphaka.

Sindikunena kuti agaluwa ndi oipa. Boerboel woleredwa bwino ndi wofatsa ndi ana a pakhomo, ndipo wakuba amene anamuonapo kamodzi amasintha dera. Amene ali ndi bwalo lalikulu, mthunzi, mpanda wolimba, nthawi yoyenda naye, ndi thumba lopirira, aweteni, tidzakupatsani moni tili kutali. Koma inu amene mwangoona chithunzi pafoni ndipo chala chili kale pa batani lotumizira ndalama ku Lusaka, yambani mwapita kukaona mayi ndi bambo a kagaluko, muime pafupi nawo, muone mbale imene amadyera, mufunse khadi la katemera. Mukabwerako mukafunse amayi kunyumba za poto wachiwiri uja. Akakana, pitani kwa atsibweni ku Chadiza mukapemphe kamwana ka galu wofiirira, ndipo pobwera mudzere ku ofesi ya zaziweto kakabayidwe katemera wa chiwewe kakangokwanitsa miyezi itatu.